Njinga Inapita, Maina Anatsala

"Amalume, munanena pa wailesi."

Anatero mwana wa mlongo wanga madzulo a pa 4 de Outubro, titaima kuseri kwa golo pa bwalo la mpira, anthu akuyamba kubalalika. Sanalire, ndipo sanakweze mau. Anali atavula nsapato ya kumanzere, cala cacikulu atacikulunga ndi kansanza kamene kanada ndi magazi osakanikirana ndi fumbi. Patsogolo pathu mnyamata wina anali kukankha njinga yatsopano, mapulasitiki akadali m'mahandulo, anzake akumuombera m'manja. Mtsikanayu anaiyang'ana njingayo mpaka inakhota kuseri kwa msika, kenaka anabwereza kuti, "Munanena kuti aliyense womaliza itatu yonse sabwerera cimanjamanja. Ine ndamaliza."

Ndinasowa coyankha, cifukwa ndinanenadi.

Ndagwira nchito pa wailesi ya m'dera kwa zaka zoposa 15. Ambiri mwa inu amene mukuwerenga kabukuka nkhope yanga simuidziwa, koma mau anga mumawadziwa. Ndine amene ndimalengeza maliro, ng'ombe zosocera, tsiku la katemera ndi mtengo wa kacewere pa msika. Kuno ku Tsangano, kwa anzathu a ku Macanga, ngakhale kutsidya ku Ntcheu kumene mau a wailesi amaoloka malire popanda ciphaso, munthu akati "zanenedwa pa wailesi," mkangano umathera pomwepo. Cuma ca wailesi yaing'ono ngati yathu n'comweco basi, kuti anthu amaikhulupirira. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndaciononga ndi pakamwa panga.

Nkhani yake inayamba motere. Zaka zingapo zapitazo, acinyamata ena a kwathu, aphunzitsi awiri ndi amalonda angapo a pamsika anapanga komiti yokonza mipikisano ya liwiro. Anasankha masiku atatu a chuthi: 7 de Abril, tsiku la amai a Moçambique, 25 de Junho, tsiku la ufulu, ndi 4 de Outubro, tsiku lokumbukira pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma mu 1992. Njira inali imodzi masiku onsewo, makilomita pafupifupi 10, kucoka pamsika, kutsikira kudambo, kukwera citunda ca kuminda ya tirigu, n'kubwerera kudzathera pa bwalo la mpira. Wapampando anandibweretsera kapepala kolemba pamanja kakuti, "Padzakhala mphoto kwa ocita bwino pa mipikisano itatu." Nditakawerenga ndinaona kuti mauwo ndi ouma, sangadzutse munthu pamphasa. Ndiye ndili pa maiki ndinathira mcere. Ndinati aliyense amene adzamalize mipikisano yonse itatu, kaya woyamba kaya wotsiriza, sadzabwerera cimanjamanja. Ndinabwereza zimenezi m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu. Palibe wa m'komiti amene anandikonza, ndipo nanenso sindinabwerere kukafunsa.

Ndiyenera kufotokoza cimene cinanditenga mtima mpaka kuonjezera mau. Ine ndine wa m'badwo umene unaphunzira kunyadira dziko lino kudzera mwa mkazi mmodzi wothamanga. Pa 25 de Setembro 2000 ndinali ndi zaka 19, ndikuphunzira sekondale ku Ulongue. Panali patangopita zaka 7 cibwerereni ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo kunena zoona mtima wanga unali usanakhazikike kuti kwathu ndi kuti. Tsiku limenelo, tili pa chuthi, wailesi inalengeza kuti Maria de Lurdes Mutola wapambana mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 pa masewera a Olimpiki ku Sydney. Inali golide yoyamba ya Moçambique. Mtsikana wa ku Chamanculo ku Maputo, amene ankasewera mpira ndi anyamata mpaka mlakatuli José Craveirinha atamuona n'kumukokera ku liwiro, anaimitsa dziko lonse. Ife amene tinakulira m'misasa ya othawa tinadumpha ngati kuti ndi mlongo wathu wa bere limodzi.

Patapita zaka zitatu anacitanso cina, ndipo cimeneci ndico cinandikhala m'mutu. Masiku amenewo kunali mpikisano wochedwa Golden League. Okonza ake anaika padera madola 1 miliyoni, ndipo lamulo linali lakuti ndalamazo adzagawana okhawo amene adzapambane pa mtunda wao pa misonkhano yonse 6 ya caka cimeneco. Mu 2003 misonkhanoyo inacitikira ku Oslo, Paris, Roma, Berlin, Zürich ndi Brussels. Ukangotsalira kamodzi, watuluka. Ena onse anagwa m'njira mmodzimmodzi, ndipo pa 5 de Setembro ku Brussels Mutola anapambana kacisanu ndi cimodzi n'kutenga miliyoni yonse yekha. Ndinawerengera pa kope: mamita 800 kasanu ndi kamodzi ndi mamita 4,800, osakwana n'komwe makilomita 5, ndipo nthawi yonse pamodzi inali pafupifupi mphindi 12. Koma cimene okonzawo ankalipira sicinali mtunda. Ankalipira kuti munthuyu anabwera kasanu ndi kamodzi, m'mizinda yosiyana, miyezi yoposa iwiri, osadwala, osapunthwa, osagonja. Conco nditamva za mipikisano itatu ya kwathu, m'mutu mwanga munalira Brussels. Ndinaiwala kuti komiti yathu inalibe miliyoni, ndiponso kuti Mutola anapatsidwa ndalamazo cifukwa copambana, osati cifukwa cofika kumapeto cabe.

Pa 7 de Abril panabwera anthu opitirira 60. Mvula inali itangoleka kumene, kudambo kunali matope ofika m'akakolo. Ena anathamanga opanda nsapato, ena ndi nsapato za kuchalichi, amai awiri anamanga makapulana m'ciuno. Ine ndinaima pomalizira ndi kojambulira mau, ndipo aliyense wofika ndinkamuuza kuti achule dzina lake ndi mudzi wake, kuti ndikaulutse m'pologalamu ya moni. Mwana wa mlongo wanga, amene panthawiyo anali ndi zaka 17, anafika wacisanu ndi cimodzi mwa atsikana. Sanapate kanthu, koma anaseka n'kunena kuti kwatsala iwiri.

Pafupi ndi kumapeto, anthu ambiri atacoka kale pamzere, panafika bambo wina wa imvi, wa zaka zoposa 50, akuthamanga pang'onopang'ono ngati wosenza mtolo. Anati ndi mlimi wa fodya wa ku Macanga, ca ku Chidzolomondo. Cilengezo canga anacimva atabwera kudzaona mwana wao wamkazi amene anakwatiwa kwathu kuno. Pa mpikisanowu anabwera pa njinga yao yakale, ulendo wa tsiku lathunthu, n'kugona kwa mkamwini. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, pa msinkhu wanuwu mukuvutikiranji?" Anapuma kaye, manja ali m'maondo, kenaka anati, "Acimwene a pa wailesi, ine ndinathamanga kale kwambiri, koma ndinkathawa mfuti. Ndikufuna ndithamangeko popanda wondipirikitsa."

Pa 25 de Junho munthu aliyense wa ku Tsangano akudziwa mmene kumakhalira. Nkhungu inaphimba citunda conse, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, zala zosagwira kanthu. Ambiri a pa Abril sanabwere. Mtsikana uja anabwera, milomo itauma ndi cisanu, ndipo anafika wacisanu. Bambo a ku Macanga anabweranso, ngakhale kuti inali nyengo yogulitsa fodya. Pa 4 de Outubro kunali dzuwa ndi fumbi. Mtsikanayu anali atadzitema cala ndi khasu masiku anai m'mbuyomo posadza munda, ndipo mai ake, mlongo wanga, anamuletsa. Iye anayankha kuti amalume analonjeza. Anafika wacisanu ndi cinai akutsimphina. Bambo aja anasiyira akazi ao nazale ya fodya, imene mwezi umenewu imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo anafika otsiriza pa onse. Ana anawaperekeza mamita omalizira akukuwa.

Kenaka inafika nthawi ya mphoto. Panali makasu awiri, zidebe, kapulana, shuga, ndi njinga ija. Zonse zinapita kwa oyamba atatu a tsiku limenelo. Njinga anatenga mnyamata wa liwiro loopsa amene anangobwera pa mpikisano wotsirizawu, ndipo sindimunena, cifukwa anathamangadi kuposa onse. Za omaliza itatu yonse sizinachulidwe n'komwe. Nditapatukana ndi mwana wa mlongo wanga ndinapita kwa wapampando mtima uli m'mwamba. Anandimvetsera mpaka ndinatha, kenaka anafunsa modekha kuti, "Acimwene, kapepala kathu kanati ciani?" Ndinakhala cete. Anaonjeza kuti ndalama zimene amalonda anasonkha zinathera pa zimene ndinaziona patebulo, ndipo wamalonda akapereka njinga amafuna ajambulidwe ndi wopambana, osati ndi nkhalamba yofika dzuwa litapendeka. Nditapempha kuti bwanji angowerenga maina a amene amaliza yonse, anandiuza cinthu cimene cinandiwawa kuposa zonse. Maina a pa Abril analembedwa pa pepala lothothola m'kope, ndipo pepalalo silinaonekenso. Panalibe amene akanatha kunena kuti uyu wamaliza itatu, uyu wamaliza iwiri.

Bambo a ku Macanga ndinawapeza akumanga thumba pa keliyala ya njinga yao. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, acimwene. Wapacala ngwa mphepo." Anaseka, anandipatsa dzanja, n'kukwera njinga. Kuseka kwaoko kunandilemera kuposa akadanditukwana.

Usiku umenewo sindinagone. Ca m'ma 11 koloko ndinakumbukira kojambulira mau. Ndinali ndisanafufute kanthu. Ndinatenga kope ndi nyali, n'kuyamba kumvera mau a pa Abril, dzina ndi mudzi, dzina ndi mudzi, anthu akupuma wefuwefu. Ndinacita cimodzimodzi ndi a pa Junho ndi a pa Outubro, kenaka ndinayamba kufananitsa. Tambala woyamba akulira ndinali ndi maina 11: atsikana atatu, mai mmodzi wa ana anai, anyamata asanu ndi mmodzi, ndi bambo a ku Macanga. Mwa onsewa ndi mmodzi yekha amene anapatapo mphoto, cidebe ca pa Junho. Kaundula amene komiti inalibe anali m'thumba langa nthawi yonseyi, mwangozi.

M'masiku otsatira ndinaimbira foni msuweni wanga amene amagwira nchito ku Durban, kungofuna womudandaulira. Iye ndiye anandiuza za mpikisano wa Comrades, umene amakauonera m'mbali mwa mseu caka ndi caka, ndipo pambuyo pake ndinakawerenga zambiri pa intaneti. Mpikisanowu unayamba pa 24 de Maio 1921. Anauyambitsa ndi Vic Clapham, msilikali wakale, pofuna kukumbukira anzake amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amathamanga pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, caka cina cokwera, caka cina cotsika. Opambana amakhalapo, ndipo mnzathu wa ku Zimbabwe, Stephen Muzhingi, anapambana katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Oyamba 10 amalandira mendulo ya golide. Koma aliyense wofika asanakwane maola 12 amalandira mendulo yake, yosiyana malinga ndi nthawi imene wafikira. Amene wathamanga koyamba n'kumaliza, caka cotsatira n'kubweranso kudzamaliza njira yobwerera, amapatsidwa mendulo ina yapadera, ndipo mwambo umenewu unayamba mu 2005. Amene wamaliza kakhumi amapatsidwa nambala yobiriwira. Nambala imeneyo imakhala yake mpaka kale, sipatsidwanso kwa munthu wina. Msuweni wanga anati pa mseu anthu akaona nambala yobiriwira amaomba m'manja ngakhale mwini wake akuyenda cokwawa.

Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti pali njira ziwiri zolemekezera munthu amene wathamanga mipikisano yambiri, ndipo ine ndinazisakaniza. Njira ya Golden League imafunsa kuti ndani sanagonjepo. Imafuna ndalama zambiri, ndipo imathera mwa munthu mmodzi kapena awiri. Njira ya nambala yobiriwira imafunsa kuti ndani sanasiye. Mtengo wake ndi kansalu ndi inki, koma imafuna cinthu cimodzi cimene ndalama sizigula: munthu wosunga buku mokhulupirika zaka 10. Kuli mendulo inanso yochuka, imene amapatsa omaliza mipikisano 6 ikuluikulu ya makilomita 42 ya ku Tokyo, Boston, London, Berlin, Chicago ndi New York. Imeneyo nayo sifunsa kuti unali wacingati. Komabe kuti uifikire pamafunika matikiti a ndege ndi ziphaso za maiko, kotero imayeza thumba pamodzi ndi miyendo. Kwa ife a m'malire, amene ulendo wa ku Furancungo timauganizira kawiri, yotiyenera ndi ya buku ndi kansalu.

Pa mbiri ya Comrades pali nkhani imodzi imene inandigwira pakhosi. Kwa zaka zambiri anthu akuda ndi akazi sankaloledwa kulembetsa, mpaka mu 1975. Koma mu 1935 munthu wakuda dzina lake Robert Mtshali anathamanga njira yonse popanda kulembedwa, ndipo anamaliza m'maola 9 ndi theka. Miyendo yake inacita zonse zimene miyendo ya azungu inacita, koma m'buku la omaliza munalibe malo ake. Mu 2019, patapita zaka 84, okonza mpikisanowo anakhazikitsa mendulo yochedwa dzina lake, ya amene afika pakati pa maola 9 ndi 10. Sindikufananiza komiti yathu ndi tsankho la ku Joni, iai. Anyamata athu sanasankhe munthu, anangotaya pepala. Koma kwa wothamangayo bala lake n'lofanana pang'ono. Wafika, thupi likudziwa kuti wafika, koma palibe polembedwa. Ndinadziuza kuti anthu 11 aja sadikira zaka 84.

Loweruka lotsatira, m'pologalamu ya madzulo imene anthu ambiri amamvera, ndinayamba ndi kupepesa. Ndinanena poyera kuti lonjezo lija silinacokere ku komiti, linacokera m'kamwa mwanga, ndipo wolakwa ndine. Anzanga ena a pa wailesi anali atandilangiza kuti ndisatero, poopa kuti anthu aleka kutikhulupirira. Ine ndinaona kuti anali ataleka kale, ndipo akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Nditatha kupepesa ndinawerenga maina 11 aja pang'onopang'ono, kawiri, dzina, mudzi ndi mfunda. Kwathu kuno kuthokoza munthu kwenikweni ndi kumuchula mfunda, ndipo ndinayenda masiku awiri kufunsa mifunda ya onse. Pambuyo pa dzina lililonse ndinkaika mau a mwini wake amene ndinajambula pomalizira, akupuma movutikira. Mlongo wanga anandiuza kuti mwana wake atamva mau ake anatuluka m'nyumba n'kukaima kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali.

Ngongole ya "cimanjamanja" inali ikadalipo, ndipo inali yanga. Ndinagulitsa matumba atatu a kacewere a m'munda mwanga n'kugula shuga ndi sopo wa aliyense. Sindikunena izi modzitama, cifukwa kubweza cimene unalonjeza si mphatso. Ndipo ndikuuzeni zoona: shugayo anatha sabata imodzi, koma kwa miyezi ingapo ndinkamvabe pamsika anthu akuseka kuti, "Zimenezo wanena ndi wa pa wailesi uja, funsaninso." Cikhulupiriro cimacoka pa njinga, pobwera cimayenda pansi.

Sindifuna kuti owerenga aone ngati a komiti anali anthu oipa. Anagwira nchito yaulere, anayenda khomo ndi khomo kupempha, anaima padzuwa ndi zidebe za madzi. Maganizo ao akuti mphoto ndi ya wopambana ndi amene tonsefe tinakula nao. Kusukulu timaitana woyamba, waciwiri ndi wacitatu, ndipo mwana amene wabwera tsiku lililonse caka conse, kuoloka mtsinje nthawi ya dzinja, sachulidwa. Komatu moyo wathu wa kumudzi suli ngati mpikisano wa tsiku limodzi. Mlimi wa fodya ayenera kumaliza nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kuyanika ndi kusankha, ndipo akalephera cimodzi zonse zapita. Mai amene amapita ndi mwana kusikelo mwezi ndi mwezi sapikisana ndi munthu, koma khadi lija limaonetsa kuti sanadumphe. Taganizani kukanakhala kuti kulibe khadi. Khama lake lonse likanakhala nkhani ya pakamwa. Othamanga athu 11 anasowa khadi lotere.

Caka cotsatira komiti inandiitana, ndipo wapampando yemweyo ndiye anayambitsa nkhani. Tinagula kope la cikuto colimba, ndipo analisunga ndi mphunzitsi wina wamkazi amene sabwereketsa ngakhale colembera. Tinagwirizana kuti mphoto za opambana zikhalepo monga kale, cifukwa mnyamata wa liwiro nayenso ayenera cake, ndipo ndani akudziwa, mwina Mutola wina ali m'minda ya tirigu momwemu. Koma tinaonjeza lamulo lakuti womaliza itatu yonse m'caka cimodzi adzapatsidwa nambala yake yosatha. Telala wa pamsika anasoka manambala pa nsalu yacikasu, cifukwa ndiyo inalipo yotsika mtengo. Manambala 1 mpaka 11 anapita kwa a caka coyamba aja, ndipo anawapereka ndi amfumu pamaso pa anthu, mpikisano wa pa 7 de Abril usanayambe. Mtengo wa nsalu yonseyo sunafike ngakhale pa tayala limodzi la njinga. Caka cimeneco pa 25 de Junho, m'nkhungu momwemo, panabwera anthu ambiri kuposa caka cathaco.

Ndamva kuti midzi ina, mbali ya Ntengo-wa-Mbalame ndi kwina ku Macanga, imakonza mipikisano yotere pa masiku a chuthi, ina ya liwiro, ina ya njinga. Abale athu a ku Malawi ali ndi wao wa pa phiri la Mulanje, umene unayambira pa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phirilo. Kwa aliyense amene akuganiza zoyambitsa, ndili ndi zopempha zitatu zimene ndinaziphunzira mowawa. Musanalengeze, lembani bwinobwino kuti mphoto ndi ciani ndipo ndi ya yani, kuti wolengeza asapeze mpata wothira mcere. Musanagule njinga, gulani kope, ndipo musankhe wolisunga. Ndipo musayambe kugawa mphoto wotsiriza asanafike. Amene wafika dzuwa litapendeka apeze anthu akadali pamzere.

Mwana wa mlongo wanga anatenga nambala 4. Pano sathamanganso, ali ndi zina zocita, koma kansalu kacikasu kali pa msomali m'nyumba ya mai ake, pafupi ndi kalendala. Amandilankhula bwino, ngakhale kuti ndikalonjeza kanthu pabanja amandiyang'ana kaye, n'kufunsa kuti, "Amalume, zimenezi n'za pa kapepala kapena n'zanu?"

Bambo a ku Macanga anatenga nambala 11. Tinawapatsa mwai wosankha, ndipo anati yotsiriza ndiyo yao. Caka caciwirico anamaliza wa pa Abril ndi wa pa Junho, koma pa Outubro bondo linawakaniza. Anabwerabe pa njinga, nambala ili pacifuwa, n'kuima pomalizira. Ena m'komiti anafuna kuwalemba ngati omaliza itatu cifukwa ca ulemu, koma iwo anakana. Anati m'bukumo mukalowa bodza limodzi, manambala onse asanduka nsanza. Mphunzitsi uja analemba iwiri. Bambowo anakhala pamzere mpaka wotsiriza anafika, kamnyamata ka zaka 12 kamene kanali kulira ndi kutopa, ndipo ndi iwo amene anakagwira dzanja n'kupita nako kwa ine.

"Kajambuleni, acimwene," anatero. "Kachule dzina."